Atchete andithera masamba a nthochi, tidule mtengo kapena tiwasiye?

NachisaleWaKuZomba
Akuluakulu a pa gulu, ndithandizeni nzeru. Kuseri kwa nyumba yomwe ndikuchita lendi kuli mtengo wa mthethe, pafupi pake pali phata la nthochi, ndipo kukhonde ndinaika timigwalangwa tamaluwa tija timagula m'mbali mwa msewu. Chiyambireni mvula, atchete adzadza mu mthethemo. Masamba a nthochi asanduka nsanza, timigwalangwa tija tatsala ndodo zokhazokha. Phokoso limayamba kusanache bwinobwino. Chondidabwitsa n'chakuti pansi pa mtengo pali zisa zambiri zakugwa, zina zooneka zabwinobwino. Eni nyumba akuti tingoudula mtengowo, koma ine ndimaufuna chifukwa cha mthunzi. Kodi nthochi zangazi zibereka? Nanga zisa akuzigwetsa ndani?

WaLegeni
Mayi, ndiwo zabwera zokha pakhomo inu mukudandaula? Tumizani adiresi, legeni ndili nayo.

Mlimi_wa_Dimba
Za nthochi musataye nazo tulo. Tsamba la nthochi limang'ambika lokha ndi mphepo, pitani ku Thyolo kapena ku Nkhata Bay mukaone ngati mungapeze tsamba lathunthu m'munda woti uli pamtetete. Likang'ambika motsata mitsempha yake limagwirabe ntchito, bola ndodo yapakati ikhale yamoyo. Chomwe ine ndimadana nawo atchete ndi mapira ndi mpunga. Akalowa m'munda mpunga ukadali mkaka mumalira. Koma pa nthochi ayi.

NachisaleWaKuZomba
Zikomo achimwene, mtima wakhalako pansi. Mpunga ndilibe, ndili ndi timizere ta mpiru basi.

AphunzitsiOpuma
Mayi Nachisale, zisa akuzigwetsa ndi eni ake omwe. Ndifotokoze pang'ono, mundikhululukire kutalikitsa.

Womanga chisa ndi wamphongo, uja wachikasu wa nkhope yakuda ndi maso ofiira. Tsiku lina mudzakhale phee pakhonde mumuyang'anitsitse. Amatera pa tsamba, n'kuluma m'mphepete kuti padukeko pang'ono, kenako amagwira pomwepo ndi mlomo n'kuuluka. Tsamba limang'ambika lokha motsata mitsempha, n'kutuluka kachingwe kotalika mwina masentimita 30. N'chifukwa chake amakonda udzu wa masamba aatali, bango, nsenjere, kanjedza, mgwalangwa ndi nthochi. Masamba a mango kapena a mapeyala sangang'ambike choncho, mitsempha yake imayenda mopingasapingasa. Ndipo amafuna tsamba laliwisi, chifukwa louma silipindika, limangothyoka.

Akabwera nako kachingweko amakaponda ndi phazi pa nsonga ya kanthambi, n'kumakalowetsa ndi kukatulutsa ndi mlomo mpaka mfundo itagwira. Choyamba kuluka ndi mphete. Akamaliza amaima m'kati mwa mpheteyo, n'kuluka chipinda cha mazira kutsogolo kwake, kenako khomo kumbuyo, loyang'ana pansi. Kudenga amayalako timasamba tatifupi totambalala kuti mvula isadonthe. Chisa chimodzi chimadya tizingwe pafupifupi 300, ndipo wozolowera amachimaliza tsiku limodzi.

Akatero amalendewera chadodolido pakhomo pa chisacho, akukupiza mapiko ndi kulira. Phokoso lomwe likukudzutsanilo ndi limenelo. Wamkazi amabwera, amalowa, amakokakoka ndi mlomo kuyesa ngati chalimba. Akachikonda amayalamo ngayaye zofewa za udzu ndi nthenga, n'kuikira. Akachikana, chisa chimayamba kuuma n'kufiira, ndipo akazi chisa chofiira sachilabadira. Ndiye mwini wake amachiphwasula yekha, n'kuyambanso china pamalo pomwepo. Dzinja limodzi wamphongo mmodzi amamanga zisa zambirimbiri. Masamba anu akuthera pamenepo.

Kadzidzi47
Ndiye kuti ndi chikamwini chenicheni. Umange nyumba, akuone, akukane, uphwasule wekha.

GogoNaphiri
Bola tchete amamanga. Akamwini ena a masiku ano amafika ndi foni yokha m'manja.

WaLegeni
Agogo, mwatilasa tonse opanda legeni.

Kadzidzi47
Koma aphunzitsi, ine ndaona kuti nthambi zomwe pali zisa amazipulula masamba onse mpaka mbee. Masambawo sagwiritsanso ntchito, amangowataya pansi. N'chiyani chimenecho?

Mlimi_wa_Dimba
Ndi njoka. Nthambi ikakhala yopanda masamba njoka ilibe pobisala, amaionera patali n'kuyamba kuikuwiza.

AphunzitsiOpuma
Za njoka ndikuvomereza, koma musaiwale kuti wamphongo akufunanso kuti chisa chake chioneke. Kuvina kuseri kwa masamba kungamuthandize chiyani? Ndiwonjezenso ichi: luso limeneli amachita kuliphunzira. Akatswiri awiri a ku America, Nicholas Collias ndi mkazi wake Elsie, anafufuza atchete a mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1960, ndipo anaona kuti aang'ono amayamba ndi zisa zosalongosoka, zomasukamasuka, kenako n'kumawongolera akamayeserera. Mukaona gulu la atchete otuwa akumanga zisa zopanda mutu pambali pa mtengo, amenewo ndi anyamata akuyesa dzanja.

GogoNaphiri
Mwatchula njoka, ine ndiye nkhawa yanga ili pamenepo. Pomwe pali anapiye a mbalame njoka siichedwa. Mwana wanga Nachisale, uli ndi ana aang'ono pakhomopo? Ine ndikanadula mtengowo osaganiza kawiri.

NachisaleWaKuZomba
Alipo awiri agogo, koma mtengo uli chapatali ndithu, kumpanda.

MwanaWaKuNyanja
Agogo, njoka imabwera inde, koma imabweranso chifukwa cha makoswe a m'nkhokwe ndi mazira a nkhuku, nkhokwe simuigwetsa. Kuno ku Mangochi atchete amamanga pa nthambi zolendewera pamwamba pa madzi ndi m'bango, ndendende pothawa njoka ndi anyani. Mthethe amaukonda chifukwa cha minga. Mdani wawo wina yemwe ine ndamuona ndi maso ndi chimbalame chotuwa cha nkhope yachikasu ndi miyendo italiitali. Chimagwira chisa ndi phazi limodzi chikukupiza mapiko, linalo chikupisa m'kati. Mtengo wonse umabuma tsiku limenelo.

Koma ine ndimafuna kunena za mgwalangwa, poti mwautchula. Ya kuno ikuluikulu ija, mukayang'ana kumasamba olendewera mudzaona timbalame totuwa tooneka ngati anamzeze, tamapiko owonda ndi mchira wautali wosongoka, tikuzungulira tsiku lonse. Timeneti sitiluka. Timatola nthenga ndi tiusufu towuluka ndi mphepo, n'kumata ndi malovu kunsi kwa tsamba la mgwalangwa. Chisa chake n'chochepa zedi moti mazira akanagwa, ndiye nawonso amawamata ndi malovu omwewo. Mayi amafungatira ataima chilili, atakangamira ndi zala, tsamba likugwedezeka ndi mwera. Anthu akamasadza masamba olendewera aja kuti mtengo uoneke bwino pa loji, amakhala akugwetsa mudzi wonse osadziwa.

Kadzidzi47
Kumata mazira ndi malovu? Achimwene, mwayamba nthano za pa bawo.

AphunzitsiOpuma
Sakunama. Zimenezo n'zoona ndithu, ndipo ku Liwonde komwe migwalangwa ili yambiri mukhoza kudzionera nokha.

Jubeki_Kale
Nonse mukukamba tizisa. Chisa ndi cha nantchengwa. Kumudzi kwathu kunali china pa mphanda ya mkuyu kudambo, munthu wamkulu ankakwera pamwamba pake osagumuka. Timitengo masauzande, matope, udzu, nsanza, mafupa, chilichonse chomwe wapeza. Khomo laling'ono chakunsi, lomata ndi matope.

GogoNaphiri
Mbalame imeneyo musaitchule usiku. Ife tinakula akutiuza kuti ukaphwasula chisa chake uona malodza.

Jubeki_Kale
Mwambo umenewo ndi womwe wazisunga, agogo. Palibe mwana ankayerekeza kuigenda. Komanso akamaliza kumanga nthawi zina akadzidzi amamulanda.

Kadzidzi47
Ine sindinalande nyumba ya munthu.

WoyanganiraGulu
Abale, nantchengwa samanga pa mthethe wa mayi Nachisale. Tibwerere ku mbalame za pakhomo.

MayiWaMapasa
Ine yanga ndi iyi. Pakhonde panga pali waya woyanikapo zovala mvula ikamagwa. Mwezi wathawu ndinaona pamapeto pake pakulendewera kanthu kooneka ngati zinyalala zokodwa mu ukonde wa kangaude. Nditayandikira ndinapeza kuti ndi chisa cha kambalame kaja ka mlomo wautali wokhota, kamene kamayamwa timadzi ta m'maluwa. Ndinakayang'anitsitsa kakumanga. Kamkazi kokha ndi komwe kankagwira ntchito, kamphongo konyezimira kaja kamangoimba pa mtengo wa papaya. Kankapita pakona pa denga, kukulunga ulusi wa kangaude kumlomo, kubwera kudzauzengereza pa waya. Pa ulusiwo n'kumamatapo timasamba touma, timakungwa, tiudzu tosalala. Khomo lili m'mbali, ndipo pamwamba pa khomo kanaikapo kadenga kotulukira kunja. M'kati kanayalamo zoyera zofewa zija zimauluka kuchokera ku njere za zomera zakutchire. Pansi pake kanasiya zinyalala zikulendewera dala, moti mlendo aliyense amandiuza kuti mayi, chotsani uve uwo. Pano muli tiana tiwiri. Zovala ndikuyanika pa mpanda.

AphunzitsiOpuma
Mayi a mapasa, mwafika pomwe ine ndimafuna tifike. Onani zomwe kambalameko kamangira: ukonde wa kangaude, masamba ouma, makungwa, udzu wokhwima. Zonsezi ndi zomwe timasesa ndi kutentha m'mawa uliwonse. Njiwa imafuna timitengo touma tating'ono, imangotisanjika pa mphanda ya mango, chisa chopyapyala moti mazira ake awiri oyera mumawaona muli pansi. Pumbwa amafuna timizu ndi tiudzu tosalala, n'kuumba kachisa kozungulira m'chitsamba chowirira. Timbalame tating'ono todya njere za udzu timamanga ndi ngayaye za udzu womwe wakula mpaka kubereka, ndiye ngati kapinga timametera pansi sabata iliyonse, tizitenga kuti? Agogomole ndi anzawo ogona m'mphako amafuna nthambi yakufa, yomwe ife timathamangira kuidula kuti ikhale nkhuni. Namzeze akufuna matope, ife tathira simenti bwalo lonse.

Malawi ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, koma pitani m'nyumba zatsopano za ku Area 49 kapena ku Chileka, mpanda wa njerwa, pansi simenti, maluwa a m'miphika atatu. Mupezamo mpheta ndi akhwangwala basi. Anthu omwewo ndi amene amadzadandaula kuti mbozi zawathera masamba. Ngakhale atchete odya mpunga aja, ana awo amawadyetsa ziwala ndi mbozi.

Mlimi_wa_Dimba
Aphunzitsi, apa ndiye sindikugwirizana nanu kwenikweni. Kusesa pakhomo si kunyada. Udzu ukawirira pafupi ndi nyumba mumabisala udzudzu, njoka, zinkhanira. Azaumoyo akabwera kudzayendera m'mudzi sadzakufunsani za zisa za pumbwa, adzakufunsani chifukwa chomwe simunalambule. Malungo si nkhani yoseweretsa.

AphunzitsiOpuma
Sindikunena kuti tchire lifike pakhomo, achimwene. Lambulani kuzungulira nyumba, kwirirani zithaphwi, chifukwa udzudzu umaswana m'madzi oima. Ine ndikunena kangodya kamodzi kumpanda, kutali ndi khomo, komwe udzu ungakule mpaka kubereka ndipo masamba ouma angaunjikane. Pamenepo n'pomwe mungapangenso manyowa anu.

Mlimi_wa_Dimba
Kwa amene ali ndi malo. Puloti ya ku Ndirande ngodya yake ndi bafa.

MayiWaMapasa
Ine ndili pa puloti yaing'ono yomweyo, koma waya umodzi ndi kangaude zakwanira.

Chemwali_Leeds
Kuno ku UK nkhani imeneyi inafika mpaka m'malamulo. Pali lamulo la 1981 loletsa kuwononga dala chisa cha mbalame yakutchire pamene ikumanga kapena ikuchigwiritsa ntchito, ndipo anthu amalangizidwa kuti asamete mipanda ya zitsamba kuyambira March mpaka August. Aneba akakuonani ndi chometera mu May amakuyang'anani ndi diso lina. Kwathu nyengo yake ndi yosiyana, koma nzeru yake ndi yomweyo: sadzani mitengo mbalame zikamaliza kuswa.

WaLegeni
Achemwali, kuno lamulo limenelo angamange mudzi wonse, kuyambira a mfumu.

Jubeki_Kale
Ife tili ana tinkatchera ulimbo pa nthambi za pachitsime, koma akuluakulu ankatikalipira tikabwera ndi mbalame yofungatira kapena tiana ta m'chisa. Lamulo linalipo, kungoti silinalembedwe.

Kadzidzi47
Funso lina. Pa mtengo wa ndimu kwathu pali chisa cha mavu, ndiye pambali pake penipeni timbalame tija ta chifuwa cha buluu tamanga kachisa kawo ka udzu, kozungulira, khomo m'mbali. Mavu sakutiluma. Zangochitika kapena?

MwanaWaKuNyanja
Sizinangochitika, timatero kawirikawiri. Mavu ndi alonda aulere. Nyani kapena mwana wa legeni akagwedeza nthambi amakumana ndi eni mtengo.

WaLegeni
Umboni ndili nawo pa chikope chakumanzere.

NamaseweraBT
Ndalowa mochedwa koma ndiyikepo chenjezo. Mbalame zikasowa udzu zimatola zomwe tataya. Chaka chatha mphepo inagwetsa chisa cha mpheta kuchokera kudenga la shopu yathu. M'kati munali ulusi wa matumba a feteleza, tizingwe ta pulasitiki ndi tsitsi la mesh lomwe atsikana a saluni yoyandikana nafe amataya panja. Kamwana kamodzi kanali katafa, mwendo utakulungidwa ndi tsitsilo mpaka kutupa. Udzu umaduka kapena kuola, koma ulusi wa pulasitiki suduka. Amayi anzanga, mukamasula mesh muzitentha kapena kukwirira, osangotaya kuseri.

Jubeki_Kale
Khwangwala yekha ndiye waya amaufuna dala. Zisa zake za pa mapolo a magetsi theka ndi mawaya ndi mahang'ala.

AphunzitsiOpuma
Mayi Nachisale, kuti tikuyankheni za mtengo. Mazira a tchete amaswa pakatha masiku pafupifupi 12, ndipo ana amatuluka m'chisa pakatha milungu ina pafupifupi itatu. Koma poti akazi saikira tsiku limodzi ndipo ena amabwereza, gululo likhalapo mpaka mvula itatha. Kudula pano ndiye kugwetsa mazira ndi ana ambirimbiri nthawi imodzi, fungo lake ndi nyerere zake mudzazimva. Auzeni eni nyumba adikire June kapena July. Nthawi imeneyo mukhoza kusadza nthambi zoloza kunyumba osapha mtengo.

Mukakhala ndi mpata mumvetserenso kulira kwina kosiyana, kokwera pang'onopang'ono, dii dii dii diderik. Ndi kambalame kobiriwira monyezimira, koyera kumimba, komwe sikamanga chisa konse. Kamazembera wamkazi wa tchete akachoka, n'kuikira dzira lake m'chisamo. Koma atchete nawo si opusa. Wamkazi aliyense amaikira mazira a mtundu wakewake, ena oyera, ena obiriwira, ena amawangamawanga, ndiye dzira lachilendo likasiyana kwambiri ndi ake amalizindikira n'kulitaya kunja. Mukapeza dzira losweka pansi pa mtengo si nthawi zonse kuti ndi mphepo.

NachisaleWaKuZomba
Zikomo nonse. Eni nyumba ndalankhula nawo, avomera kudikira chilimwe bola ndizisesa pansi pa mtengo ndekha. Koma timigwalangwa tanga nditani nato? Ndiphimbe ndi neti yakale?

GogoNaphiri
Neti ya udzudzu ndi yogonamo, mwanawe. Tatopa kuona maneti m'madimba ndi m'makola a nkhuku.

MwanaWaKuNyanja
Komanso neti yobookabooka imakola mbalame ndi miyendo, mudzapeza zitafera pomwepo. Poti tili m'miphika, ingotilowetsani m'nyumba pafupi ndi zenera kwa miyezi iwiri itatu. Masamba atsopano adzaphuka bola nsonga yapakati isawonongeke.

Mlimi_wa_Dimba
Kapena apatseni china chong'amba. Bzalani phata limodzi la nsenjere kumpanda pafupi ndi mthethewo. Imakula msanga nthawi ya mvula ndipo tsamba lake amalikonda. Sindikulonjeza kuti nthochi azisiyiratu, koma katundu agawikana. Ingoisamalani isafalikire, muziidula chaka ndi chaka, mukapatse a mbuzi.

NamaseweraBT
Nanga mpanda wa zitsamba wabwino kwa mbalame ndi uti? Ine ndimafuna kubzala lantana, ndaona apumbwa amaikonda.

AphunzitsiOpuma
Lantana ayi, chonde. Apumbwa amadya zipatso zake n'kukafesa njere paliponse, ndipo ikalowa m'dambo kapena m'munda imapha zomera zina zonse, masamba ake amadwalitsanso ng'ombe. Inachokera ku America ngati duwa lokongoletsa, lero ndi chilombo m'maiko ambiri a kuno. Bzalani bougainvillea ngati mukufuna minga ndi kuwirira, njiwa ndi apumbwa amamangamo bwino ndipo mphaka amavutika kulowamo. Onjezani mabulosi ndi gwafa, ndi aloe wa maluwa ofiira kuti timbalame ta mayi a mapasa tipeze chakudya nthawi yozizira.

Mlimi_wa_Dimba
Gwafa nayenso amafalikira ndi mbalame zomwezo, aphunzitsi, musamuyeretse.

AphunzitsiOpuma
Amafalikira, koma gwafa ana amadya. Lantana mudyetsa ndani?

NachisaleWaKuZomba
Achimwene a dimba, nsenjereyo amabzala njere kapena?

Mlimi_wa_Dimba
Ayi mayi, mapesi. Pezani phesi lokhwima, mudule kuti likhale ndi mfundo zitatu, mulizike mopendeketsa, mfundo ziwiri m'dothi imodzi pamwamba. Mvula ilipoyi sabata ziwiri liphuka. Funsani aliyense woweta ng'ombe za mkaka kufupi ndi kwanuko, sangakumanizeni.